Anthu akabalalika pamaliro: kulera ana inu muli pachisoni

Litadutsa tsiku lometa, achibale anamanga zitenje zawo n'kukakwera minibasi. Achinyamata anabweza mabenchi kutchalitchi. Pabwalo panangotsala phulusa la moto umene abambo ankaotha usiku wonse wa maliro, ndi miphika ya eni ake yodikira kuti adzaitenge. M'mawa mwake ndinadzuka monga mwa masiku onse n'kutereka madzi osamba a anthu awiri. Ndinazindikira madzi atafunda kale. Ndili chiimire pakhomo la khitchini, mwana wanga wotsiriza, yemwe anali ndi zaka 4, anandikoka chitenje: "Amayi, adadi abwera liti?" Ndinamuuza kuti apita kuntchito kutali. Bodza limenelo linativutitsa tonse awiri kwa miyezi yambiri.

Pamaliro timathandizana ndithu. Maliro n'kulirana, ndipo anthu amabweradi: amagona panja, amasonkha ufa ndi nkhuni, adzukulu amakumba manda. Koma za masabata otsatira, pamene watsala wekha ndi ana amene nawonso aferedwa, palibe amene amakulangiza. Zimene ndalemba apa ndinaziphunzira ndekha, zina mochedwa, ndipo zina ndaziona kwa amayi ndi abambo anzanga amasiye amene timayenderana. Mwina simungathe kuzichita zonse nthawi imodzi. Yambani ndi choyambachi, chifukwa ndi chimene sichidikira.

1. Auzeni ana kuti amwalira, ndi mawu omwewo

Akuluakulufe tili ndi mawu athu ofewetsera imfa: atisiya, atsogola, agona, apita. Pakati pathu ndi mawu aulemu. Kwa mwana wamng'ono ndi osokoneza. Mwana wosakwana zaka 5 kapena 6 sanafike pozindikira kuti womwalira sabwerera, ndipo mawu amawamva monga momwe anenedwera. Mukati "agona", iye amadikira kuti adzuke, ndipo ena amayamba kuopa tulo poganiza kuti nawonso sadzuka. Mukati "apita ku Joni", azithamangira kumsewu galimoto ikangomveka. Wanga ankasunga bisiketi m'thumba la kabudula kuti adzawapatse adadi. Zoona anakazimva kwa mnzake kumasanje, ndipo anabwera kunyumba osandiyang'ana kumaso.

Sankhani nthawi ya masana, osati pogona. Khalani naye pamkeka, mumugwire. Nenani mwachidule: "Adadi amwalira. Thupi lawo lasiya kugwira ntchito. Sakupuma, sakumva kuwawa, sakumva njala, ndipo sabweranso." Ngati m'banja mwanu mumapemphera, onjezerani za chikhulupiriro chanu, koma pambuyo pa mawu amenewa, osati m'malo mwake. Musanene kuti Mulungu wawatenga chifukwa anali munthu wabwino. Mwana amatha kuganiza kuti ukakhala wabwino umatengedwa.

Mukatero khalani chete, mudikire. Mwina alira. Mwina afunsa ngati angapite kukasewera, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti alibe chisoni: ana amalowa m'chisoni n'kutulukamo, n'kudzalowamonso madzulo. Adzafunsanso mawa, ndi mkuja, funso lomwelo. Muziyankha chimodzimodzi nthawi zonse, ngakhale mtima wanu ukuwawa, chifukwa kubwerezako ndiko kumamuthandiza kukhulupirira.

Pali mafunso atatu amene ana ambiri amayenda nawo mumtima osawatulutsa. Kodi ndine ndinachititsa? Kodi inunso mumwalira? Nanga ife atisamale ndani? Ayankheni ngakhale sanafunse. Mwana amene anakana kutumidwa tsiku limene bambo ake anadwala amatha kukhala zaka akuganiza kuti mwano wakewo ndi umene unawapha. Muuzeni momveka kuti palibe chimene iye anachita kapena kunena chimene chinabweretsa imfa. Pa funso lachiwiri musalonjeze kuti simudzamwalira. Nenani kuti muli bwino, mukudzisamalira, ndipo mutchule mayina a anthu amene angamusamale: agogo ake, azakhali ake, atsibweni ake.

Ngati munanama kale ngati ine, bwererani. Ndinamuuza kuti, "Ndinakuuza kuti adadi apita kuntchito. Sizinali zoona. Ndinkaopa kukupweteka, koma ndinalakwa." Anandifunsa ngati kumandako kuli mdima. Tinayambira pamenepo.

2. Lirani, ndipo ana akuoneni

"Limbani mtima chifukwa cha anawa." Mawu amenewa mudzawamva kwa aliyense wodzakupepesani, ndipo amawanena mwachikondi. Ine ndinawamva ngati lamulo loti ndisalire. Ndinkakalirira kubafa, n'kusamba kumaso, n'kutuluka ndikumwetulira. Patapita nthawi mwana wanga wamkazi, wa zaka 9 panthawiyo, anauza azakhali ake kuti amayi aiwala kale adadi. Iyenso anali atasiya kulira, poganiza kuti m'nyumba mwathu n'zoletsedwa.

Ana amaphunzira kwa inu chochita ndi chisoni. Misozi ikabwera muli nawo, isiyeni ibwere, ndipo muitchule: "Ndikulira chifukwa ndawasowa adadi. Si iwe wandiliza. Ndikhala bwino, tiphika posachedwa." Mawu otsirizawo ndi ofunika. Chimene chimaopsa mwana si misozi ya kholo, koma kuganiza kuti khololo lagweratu ndipo silidzukanso.

Koma pali kulira kwina, kodzigwetsa pansi, kokuwa, kumene kumabwera makamaka usiku. Kumeneko n'kofunikanso, koma kumafuna wamkulu mnzanu, osati mwana. Pezani munthu mmodzi amene mungalire pamaso pake popanda kukulalikirani: mchemwali wanu, mnzanu wa ku Mvano, ku Chigwirizano, ku Dorika kapena kumphakati, mayi mnzanu wa kumzikiti. Muuzeni chimene mukufuna: "Sindikufuna malangizo, ndikungofuna mukhale pompa." Musasandutse mwana wamkulu kukhala wokutonthozani usiku uliwonse.

3. Gwirani nthawi zitatu patsiku, zina zitayeni kaye

Chisoni chimalowa m'thupi. Chakudya chimakanika kutsika, tulo timasowa, mutu umawawa, umaiwala chimene walowera m'nyumba. Si misala, ndipo si ulesi. M'masabata oyamba musayese kuyendetsa nyumba monga kale. Sankhani nthawi zitatu zokha zimene sizisuntha: nthawi yodzuka, nthawi ya nsima yamadzulo, ndi nthawi yogona. Pabwalo pakhale posasesa, zovala zidikire, koma ana adziwe kuti dzuwa likalowa tidya limodzi. Dziko lawo lagwedezeka, ndipo zinthu zazing'ono zobwera pa nthawi yake ndi zimene zimawauza kuti pansi pakadali polimba.

Inunso idyani, ngakhale mbamu ziwiri zokha. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena ma ARV, musadumphitse. Aikeni pafupi ndi mswachi, kapena uzani munthu azikukumbutsani. Ndaona anthu akudwala miyezi itatu pambuyo pa maliro chifukwa chongosiya mankhwala. Ngati malemu anadwala chifuwa chachikulu, pitani kuchipatala nonse a m'nyumbamo mukayezedwe, makamaka ana aang'ono. Ngati munali ndi chikayiko cha HIV, kayezetseni inu ndi ana. Kuyezetsa m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo kusadziwa kumadya mtima kuposa kudziwa.

Ana abwerere kusukulu msanga, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Pitani nokha mukaonane ndi aphunzitsi awo, muwauze zimene zachitika, kuti mwana akamayang'ana pawindo m'kalasi asamuyese wamwano.

4. Mapepala ndi katundu: chotsani mantha amene angachotsedwe

Zambiri zimene zimamulanda tulo wamasiye ndi masamu: lendi, fizi, feteleza, ndi achibale amene ayamba kuyang'anitsitsa malata. Imfa simungaibweze, koma mantha awa mungawachepetse, ndipo akachepa mumapeza mpata wolira bwinobwino.

Tengani kope limodzi. Lembani katundu yense amene alipo, ngongole zimene malemu anasiya, ndi amene ali ndi ngongole kwa iwo. Sonkhanitsani chiphaso chawo chaunzika, mapepala a ukwati, a ana, a nyumba kapena munda, a kubanki ndi a kuntchito, muwasunge kwa munthu amene mumamukhulupirira ngati m'nyumba mukulowalowa anthu. Kenaka tsatirani chiphaso cha imfa. Chimachokera ku National Registration Bureau kudzera ku ofesi ya DC. Ngati anamwalirira kuchipatala mumayamba ndi kalata yakuchipatalako, ngati anamwalirira kunyumba mumayamba ndi kalata ya amfumu. Popanda chiphasochi ndalama za kubanki ndi za penshoni sizituluka.

Dziwaninso kuti lamulo lili kumbali yanu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, pamodzi ndi ena amene ankadalira malemuyo. Ziwiya za m'nyumba zimene munkagwiritsa ntchito zimatsala ndi inu. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo wolandayo akhoza kumangidwa, kaya ndi mlamu kaya ndi mpongozi. Zikavuta, malo opitako ndi ofesi ya DC, ofesi ya boma yoona za chuma cha masiye ya Administrator General, nthambi ya polisi ya Victim Support Unit, kapena Legal Aid Bureau imene imathandiza anthu osatha kulipira loya.

Pa zokambirana za katundu musakhale nokha. Itanani ankhoswe anu, ndipo ngati mutu sukugwira nenani kuti, "Alamu, ndamva, koma lero sindingayankhe. Tikhalenso pansi mwezi wamawa, ankhoswe alipo." Musasayine pepala lililonse limene simunaliwerenge modekha. Ndipo chaka choyamba pewani kugulitsa nyumba kapena munda, kusamuka mwadzidzidzi, ndi katapila. Munthu wachisoni amafuna kuthawa pamalo, koma chisoni chimakwera nawo galimoto yomweyo.

5. Mkwiyo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu sanena. Tonse timayembekezera misozi. Mkwiyo umatidzidzimutsa.

Ndinakwiyira madokotala, ndinakwiyira Mulungu, ndinakwiyira amayi anzanga amene ankadandaula kuti amuna awo abwera mochedwa. Ndinakwiyiranso malemuwo, kuti anandisiyira ana atatu ndi nyumba yosamaliza, ndipo ndikatero ndinkachita manyazi mpaka kusowa tulo. Koma mkwiyo wonsewo unkatsikira pa amene anali pafupi. Tsiku lina mwana anataya mchere, ndipo ndinamumenya mopitirira muyezo. Mchere sunali nkhani.

Phunzirani kuuzindikira usanafike m'manja. Kwa ine unkayamba ndi kutentha m'khosi ndi kuuma kwa nsagwada. Mukaumva, ikani pansi chimene mwagwira, tulukani panja, muyende mpaka pamjigo kapena kuseri kwa nyumba. Pumani motulutsa mpweya pang'onopang'ono, kutulutsa kutalike kuposa kukoka, kakhumi. Ngati muli ndi khanda lolira ndipo mwafika pothedwa, ligonekeni pamalo abwino n'kutuluka kwa mphindi zochepa, kapena mupatseni mnansi. Khanda musaligwedeze ngakhale pang'ono. Ubongo wake umavulala msanga.

Mukalakwitsa, pepesani. Ambirife tinakula osamvapo kholo likupepesa mwana, ndipo pakamwa pamalemera. Koma mwana woferedwa akamenyedwa popanda chifukwa amaganiza kuti kholo lotsalalo nalonso lamutaya. "Ndinakukalipira kwambiri. Sunalakwe chachikulu, mtima wanga ndi umene ukuwawa. Pepa mwanawe." Ulemu wanu suchepa.

Mkwiyo umafunanso munthu womuloza chala. Pa maliro ambiri pamatuluka manong'onong'o oti imfayi si yabwino, ndipo kawirikawiri chala chimagwera gogo wokalamba amene sangadziteteze. Mukakhala ndi chilonda, mawu amenewa amalowa mosavuta, chifukwa amapereka yankho pamene panalibe yankho. Chonde musawatsatire, ndipo musalole kuti anenedwe pamaso pa ana. Kunamizira munthu ufiti ndi mlandu m'dziko muno kuchokera pa lamulo la 1911, ndipo taona okalamba akuphedwa chifukwa cha mawu oyambira pasiwa. Ana anu ataya kholo. Asatayenso agogo awo.

Palinso china chimene amene anadwazika matenda a mgonagona amabisa: kupepukidwa. Mwakhala miyezi mukusambitsa, kutembenuza, kugona pansi m'chipatala, ndipo imfa itabwera mbali ina ya mtima inapuma. Zimenezo sizikutanthauza kuti simunkawakonda. Munatopa, ndipo iwonso ankavutika. Chimodzimodzi amene banja lawo linali la nkhanza: mukhoza kulira ndi kupepukidwa tsiku lomwelo. Uzani munthu mmodzi wokhwima maganizo. Mudzadabwa kumva akuti, "Nanenso zinandichitikira."

6. Mwana aliyense amalira mwakemwake

Wamng'ono amabwerera m'mbuyo: amayambanso kukodza pogona, kuyamwa chala, kukukakamirani ngakhale popita kuchimbudzi. Musamuchititse manyazi. Yalani pulasitiki pansi pa chofunda, ndipo mukamachoka muzimuuza kumene mukupita ndi nthawi yobwera, n'kubweradi nthawi imeneyo. Kuzemba iye asakuona kumakulitsa mantha.

Wa zaka za kupulayimale amadandaula m'mimba ndi mutu, amatsika m'kalasi, kapena amafunsa mafunso amene amakuumitsani thupi, monga za chimene chikuchitikira thupi m'manda. Yankhani mwachidule ndi moona. Ana a msinkhu umenewu amayankhula bwino manja ali pantchito. Musamukhazike pansi kuti "tiye tikambe". Tongolani naye chimanga, sankhani naye nyemba, ndipo muyambe inu: "Adadi ako ankakonda nyemba zothira tomato wambiri." Dzina la malemu lizimveka m'nyumba. Likasowa, ana amaganiza kuti kulitchula n'kulakwa.

Wachinyamata ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri. Pamaliro amalume anamugwira paphewa mwana wanga wa zaka 15 n'kumuuza kuti, "Tsopano bambo wa pakhomo pano ndiwe." Anawamvera. Anasiya mpira, anayamba kufunafuna ganyu, anasiya kuseka, ndipo ine ndinkayamikira kuti mwana wakula. Anali akumira ndikuona. Ndinachita kumuuza ndekha kuti, "Iwe ndiwe mwana wanga, si iwe mwamuna wa pakhomo pano. Ntchito yako ndi sukulu. Za ndalama ndi zanga ndi amalume ako." Athandize ntchito, inde, koma mtolo wa banja usakhale pamutu pake. Mtsikana wamkulu naye amasanduka mayi wa azing'ono ake, ndipo posakhalitsa pamabwera wina ndi nzeru yoti angokwatiwa kuti pakhomo papepuke. Kanani. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Za fizi kafunseni kwa aphunzitsi aakulu ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu za thandizo la ana ovutika. Mwana amene akufuna kuyankhula ndi munthu wina osati inu akhoza kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana.

7. Miyambo: landirani yotonthoza, kanani yovulaza

Kumeta, kusudzula, sadaka, eda ya miyezi 4 ndi masiku 10 kwa amayi achisilamu, zovala zakuda kwa amene mpingo wawo umatero: zonsezi zimapatsa chisoni malire ndi mboni, ndipo ambiri zimawathandiza. Kungoti mtima suyendera kalendala ya mwambo. Mukasudzulidwa anthu amati mwamasuka, koma mukhoza kupezeka mukulira kuposa kale. Palibe cholakwika.

Kulowa kufa ndi kukakamizidwa chokolo ndi nkhani ina. Palibe amene ali ndi ufulu wokukakamizani kugona ndi munthu kuti "muyeretsedwe", kapena kukupatsani mwamuna amene simunamufune. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 ndi lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 amaletsa miyambo yovulaza yotereyi. Akakuopsezani kuti ana adwala mukakana, pitani kwa amfumu, kwa atsogoleri a mpingo kapena kupolisi, ndipo musapite nokha.

Abambo, ndime ino ndi yanu. Mkamwini mkazi wake akamwalira, nthawi zambiri akasudzulidwa amabwerera kwawo, ana n'kutsala ndi mbumba ya mayi awo. Amataya mkazi, nyumba, munda ndi ana m'chaka chimodzi, ndipo anthu amangoti mwamuna salira. Musachoke osakambirana ndi mwinimbumba za ana: mudzawaona liti, tchuthi adzakhala kuti, fizi alipira ndani. Auzeni anawo pamaso kuti kuchoka kwanu si kuwataya, ndipo tsiku limene mwalonjeza kubwera, bwerani, ngakhale chimanjamanja. Chenjerani ndi mowa, chifukwa umagonetsa chisoni usiku umodzi n'kuchidzutsa chitakula. Ndipo achibale akayamba kukusakirani mkazi woti "azisamala ana" miyezi itatu isanathe, muli ndi ufulu wonena kuti nthawi sinakwane. Ana amene sanamalize kulira mayi awo savomereza msanga wina pamoto pa mayi awo.

8. Pemphani thandizo lokhala ndi dzina

Anthu amati, "Mukafuna kanthu mutiuze," ndipo amanenadi zoona, koma wachisoni sadziwa poyambira. Patsani munthu aliyense ntchito imodzi yooneka: alamu aziperekeza mwana kusukulu Lolemba ndi Lachitatu, achemwali azibwera kudzagona Loweruka, anzanu a kumpingo athandize kupalira munda umodzi. Ngati muli mu banki m'khonde, auzeni msanga kuti mwezi uno zikuvutani, musadikire tsiku lobweza. Mutu umodzi susenza denga, ndipo anthu ambiri amasangalala akauzidwa pogwira penipeni.

9. Dziwani nthawi yopita kuchipatala

Kwa anthu ambiri chisoni chimabwera ngati mafunde: lero chakugwetsa, mawa waseka ndi ana, mkuja chabweranso, koma miyezi ikamapita mipata yopuma imatalika. Kwa ena sichisuntha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limazindikira chisoni chokhalitsa ngati vuto lofuna chithandizo, pamene papita miyezi yoposa 6 munthu akadali womangika, osatha kugwira ntchito kapena kusamala pakhomo. Kwathu kuno timangoti akuganiza kwambiri, n'kumusiya.

Musadikire miyezi imeneyo ngati mwatha masabata awiri kapena kuposerapo osatha kudzuka, kusamba kapena kudyetsa ana. Ngati thupi likutha. Ngati simugona popanda mowa kapena mapiritsi. Ngati mukudziona wopanda pake. Ndipo ngati abwera maganizo oti bola kuwatsatira, uzani munthu lero lomwe. Mupatseni asunge mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi onse a m'nyumba, ndipo musagone nokha. Maganizo amenewa amabwera kwa anthu ambiri oferedwa, ngakhale opemphera kwambiri, ndipo amachizika.

Yambirani pa chipatala chapafupi kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, munene mosabisa kuti, "Chimwalirireni amuna anga sindikugona, sindikudya, ndipo ndikuganiza zoipa." M'zipatala za maboma muli anamwino ophunzira za matenda a maganizo. Kulinso chipatala cha Zomba Mental, ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kumene kuli aphungu olankhula nawo. Kupita kumeneko si kupenga. Pempherani, ndipo pitaninso kuchipatala, ziwirizi sizilimbana. Mwana nayenso apite ngati wasiyiratu kuyankhula, akudzivulaza, wayamba chamba kapena mowa, kapena akunena zofuna kufa.

10. Konzekerani masiku amene chisoni chimabwerera

Khirisimasi yoyamba, tsiku lotsekera sukulu pamene ana ena abwera ndi makolo awiri, mvula yoyamba pamene munkadzala limodzi, tsiku limene zotsatira za mayeso zatuluka ndipo mwana akufuna kuuza bambo ake. Masiku amenewa amapweteka kwambiri akakupezani osakonzeka. Akamayandikira auzeni ana kuti, "Sabata yamawa ndi tsiku lija. Mwina tilira. Mukufuna tichite chiyani?" Kwathu timaphika chakudya chimene ankachikonda, ndipo aliyense amanena chinthu chimodzi chimene akukumbukira, choseketsa kapena chomvetsa chisoni.

Chiliza musachimange ndi ngongole chifukwa choopa pakamwa pa anthu. Chingadikire chaka chimene mwakolola. Ngati mwambo wakwanu ukulola ana kupita kumanda, pemphani kwa amfumu mupite nawo tsiku lopanda khamu, muwafotokozere za kumeneko musananyamuke, ndipo amene sakufuna musamukakamize.

Zovala za malemu zimagawidwa kwa achibale, ndipo kawirikawiri ana saganiziridwa, poti n'zazikulu sizingawakwane. Zisanagawidwe, pemphani akuluakulu a mbali zonse ziwiri kuti mwana aliyense asankhe chinthu chimodzi chokhala chakechake, ndipo musamusankhire. Ngati zinagawidwa kale, sikulakwa kupita kwa alamu n'kupempha chimodzi chibwerere. Chithunzi chimene chili m'foni kachitsukitseni, aliyense akhale ndi chake, chifukwa mafoni amatayika. Kwathu wamkulu anasankha wailesi, wamkazi anatenga Baibulo lokhala ndi zolemba za bambo ake m'mphepete, ndipo wamng'ono uja anasankha chipewa chakale cha kumunda, chimene anagona nacho mpaka atalowa Sitandade 2.